K5 ya pa maloboti imathera kuti?

Mwana akagogoda pagalasi la galimoto yanu pa maloboti a Manda Hill kapena mu Cairo Road ku Lusaka, muziyang'ana dzanja limene sakupemphera. Kawirikawiri mudzaona kabotolo kapulasitiki kobisidwa m'kamkono ka juzi. Mmenemo muli sitika, mankhwala onunkhiza amene amapha njala, amachotsa mantha, ndipo amathandiza mwanayo kupirira chisanu cha June ndi July akagona m'ngalande kapena pakhonde la sitolo. K5 imene mwamuponyera siigona m'thumba mwake. Ina amalanda anyamata akuluakulu olamulira malowo, yotsala imapita kwa wogulitsa sitika. Tsiku likayenda bwino, mwanayo amatsimikiza kuti mumsewu muli ndalama kuposa kwawo.

Ena amati angowasesa onse basi. Zinayesedwapo. Boma linatengerapo achinyamata kumakampu a asilikali a Zambia National Service (ZNS) monga Chiwoko ku Katete kukaphunzira ntchito zamanja, koma ena atamaliza anabwerera mumsewu. Luso la ukalipentala popanda sowo, matabwa ndi pogona silidyetsa munthu. Kuwathamangitsa ndi zikwapu ndiye kumangowasamutsa, lero ku City Market mawa kusiteshoni ya mabasi ya Intercity, uku ataphunzira kuthawa wamkulu aliyense, ngakhale wofuna kuwathandiza.

Amene mungamupulumutse msanga ndi wongofika kumene. Amadziwika: nsapato akadali nazo, tsitsi n'lometa, amaima payekha ndipo popempha amachita manyazi. Ameneyu masiku oyamba ndi ofunika kwambiri, asanalawe sitika. Mugulireni chakudya chotsegula kale kuti adye pomwepo, chifukwa chomata amakagulitsa. Mufunseni dzina, komboni yakwawo ndi sukulu imene amaphunzira. Funso lakuti "unathawiranji?" lisungeni, mukayamba nalo akunamizani kapena athawa. Kenako imbani 116, nambala yaulere ya Childline, kapena dziwitsani ofesi ya social welfare. Ngati ali ndi mabala omenyedwa kapena wagwiriridwa, nkhaniyo ndi ya apolisi a Victim Support Unit ndi achipatala tsiku lomwelo.

Musamutengere kwanu, ngakhale chifundo chikuchuluke bwanji. Kuyambira 2022 dziko lino la Zambia lili ndi lamulo loteteza ana la Children's Code Act, ndipo kumene mwana wosowa chisamaliro akakhale amagamula ndi a social welfare pamodzi ndi khoti. Mukamusunga mwakachetechete, abale ake akhoza kukusumirani kuti munaba mwana.

Povuta penipeni ndi pomubwezera kwawo. Kupeza nyumbayo ku Misisi kapena ku Kanyama si ntchito yaikulu. Yaikulu ndi kudziwa chimene chinamuchotsa. Ngati bambo womupeza amene ankamumenya akadali pomwepo, kumutula pakhomo n'kumubwezera m'moto, ndipo ndi bwino kufufuza azakhali kapena amalume. Ngati ndi agogo amene akulera adzukulu ambiri popanda chogwira, choyamba n'kufunsa a social welfare ngati banjalo lingalowe pa social cash transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika. Banja liuzidwenso zoona: mwana wosiya sitika amadwala mutu, sagona, amapsa mtima msanga, mwina amaba kanthu m'nyumba. Osachenjezedwa amati wabwera ndi ziwanda, n'kumupirikitsanso. N'chifukwa chake malo osamalira ana ngati Fountain of Hope ku Kamwala ndi ofunika, kuti mwana ayambe wakhazikika, ndipo akabwerera kwawo pakhale womuyendera kwa miyezi ingapo.

Sukulu za boma n'zaulere kuyambira 2022, koma yunifomu, nsapato ndi makope sizaulere, ndipo mnyamata wa zaka 14 akamuika Giredi 3 pakati pa tiana, manyazi okha amamuthawitsa. Apa ndi pamene ndalama zanu zingagwire ntchito: gulani yunifomuyo kudzera kwa amene akumuyang'anira, kapena lipirani mphunzitsi womuthandiza masana. Wa zaka 16 kupita m'tsogolo, muthandizeni kupeza wachibale womuperekeza kukatenga NRC, chitupa cha boma chodziwikira munthu, poti popanda chitupa chimenechi ngakhale ntchito ya ulonda sangamulembe.