Mkangano oti katswiri wa masewero ku Malawi kuno ndi ndani unayambira pa wailesi

Mukakhala pa barbershop kapena pa gulupu ya WhatsApp ya anthu a mpira nkungofunsa kuti kodi katswiri weniweni amene dziko lino linabereka ndi ndani, mudziwiretu kuti tsiku limenelo ntchito yaima. Achikulire amangoti Kinnah basi nkhani yatha, ena amati Mtawali, achinyamata a pano amathamangira kwa Gaba, Gabadinho Mhango, chifukwa cha chigoli chija anagoletsa Flames ikusewera ndi Morocco. Ine zimene zimandiwawa nzoti mkanganowu nthawi zonse umayambira pa mpira wamiyendo wa amuna nkutheranso pomwepo, ngati kuti ankhonya, othamanga ndi atsikana athu a mpira wamanja ndi a dziko lina. Koma zili ndi poyambira pake, sikuti anthu anangodzuka nkuyamba kuganiza chonchi.

Zinayambira pa wailesi. M'zaka za m'ma 1970 kunalibe TV ku Malawi kuno, TV yathu inabwera mu 1999, nde chilichonse chinkadutsira pa MBC, mudzi onse kuzungulira kawailesi kamodzi ka Nzeru, mabatire kuwayanika padzuwa kuti mwina afikeko 90 minitsi. Ndipo chimene ankaulutsa pompopompo chinali mpira wamiyendo. Nde mu 1978 chikho cha East and Central Africa chinaseweredwa pakhomo pompano, Flames ili m'manja mwa mzungu uja Ted Powell inaswa Zambia 3-2 mu fainolo, chaka chotsatira 1979 anakachitetezanso ku Kenya komweko kuchinya eni bwalo 3-2. Amene anamva masewero amenewo ali anyamata ndi amene lero ndi agogo ndi amalume athu, ndipo dzina limene linawakhala m'khutu ndi la Kinnah Phiri wa Bata Bullets. Zigoli 71 zogoletsera dziko lake, mpaka pano palibe wa Flames amene anayandikirako ngakhale theka lenileni. Malume anga ena sanamuonepo Kinnah akusewera ndi maso awo olo kamodzi, koma akayamba kufotokoza mmene ankadumphira pa hedi mungati anali pa benchi pomwepo, nde mphamvu ya wailesi imeneyo.

Kinnah ndimamupatsa ulemu wake onse, chifukwa anabweranso ngati kochi nkuchita zina zimene anthu anali atataya nazo mtima. Mu 2004 anafikitsa Bullets, nthawi imeneyo ikutchedwa Bakili Bullets, mu magulu a CAF Champions League. Mu 2008 tinachinya Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumapeto penipeni, kenako 2010 ku Angola tinabwerera ku AFCON patatha zaka 26 kuchokera ulendo oyamba wa 1984, nkukaphwanya Algeria 3-0 anthu osakhulupirira. Nde amene amati Kinnah sakunama ayi.

A Mtawali mfundo yawo ndi ina, amati katswiri timamuonera kunja. Ernest Mtawali anapita ku Joni m'zaka za m'ma 1980 nthawi ya tsankho, FIFA itaika South Africa pambali, moti osewera opita kumeneko amakhala ngati wadzitsekera yekha chitseko cha mpira wa dziko lapansi, ndipo iyeyo ankasewera ndi dzina loti Ernest Chirwali. Anawala ku Bloemfontein Celtic, anawalanso ku Mamelodi Sundowns, kenako anakafika ku Argentina ndi ku Toulouse ku France, zinthu zoti m'Malawi wa nthawi imeneyo sankazilota nkomwe. Msewu wa ku Joni umenewu nde unadzakhala chizolowezi, mnyamata akangowala ku Maule, ku Manoma kapena ku Silver anthu amayamba kale kufunsa kuti akupita liti.

Pano tsono tiyeni tituluke pa bwalo la mpira kaye. Ku Olympics tinayamba kupitako 1972 ku Munich ndipo mendulo sitinabwereko nayo mpaka lero. Koma ku Commonwealth Games tili ndi mamendulo atatu a bronze, onse atatu ndi a nkhonya. Tatu Chionga mu 1970 ku Edinburgh, kenako Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986 ku Edinburgh komweko. Funsani mu minibasi kuti Tatu Chionga ndi ndani muone ngati mupeze anthu awiri omudziwa. Chimodzimodzi Catherine Chikwakwa, mtsikana amene mu 2004 anatenga silva pa mamita 5000 pa mpikisano wa achisodzera wa dziko lonse ku Grosseto ku Italy, mtunda umene tinazolowera kuti ndi wa aku Kenya ndi aku Ethiopia okha. Zimenezi sizinamveke pompopompo pa wailesi mudzi onse utakhala pansi, nde zinangodutsa ngati nkhani ya mu nyuzi ya tsiku limodzi.

Isaac Chilemba nayenso, mwana wa ku Blantyre amene anakakhwimira nkhonya ku Joni. Anthu amakonda kunena kuti aaa koma uja ankangoluza malamba akuluakulu, koma onani kaye anthu amene ankamenyana nawo. Mu 2013 anafanana mphamvu ndi Tony Bellew ku Liverpool kwawo kwa Bellew, mu 2016 anapita ku Russia kukakumana ndi Sergey Kovalev nthawi imene Kovalev ankagwetsa pafupifupi aliyense, Chilemba anaima marawundi onse 12, mu 2018 anamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol yemwe uja anadzachinya Canelo, wankhonya otchuka wa ku Mexico. Munthu kufika pamenepo pa sikelo ya light heavyweight ukuchokera dziko loti majimu ake a nkhonya nthawi zambiri ndi kachipinda ndi thumba la mchenga, si zamasewera.

Koma pamene ine mtima wanga uli ndi pa ntchemberembaye. Dzina lenilenilo likukuuzani mmene anthu ankawaonera masewerowa, zoti ndi za azimayi zongotayitsa nthawi pa sukulu kapena pa tchalitchi, mitengo iwiri ndi zitsulo zopinda basi. Chonsecho timu ya dziko lino imene yakhala pakati pa matimu apamwamba pa dziko lonse kwa zaka zambirimbiri ndi ma Queens. Mu 2007 ku Auckland pa World Cup anamaliza pa nambala 5 atachinya South Africa, Mary Waya ali pa moto, amayi oti akagwira mpira mu seko azungu ankaimirira kuwomba m'manja chifukwa cha kaseweredwe kake, mpira kuuzembetsa, kunamiza oteteza ngati akuponya kenako osaponya. Kaseweredwe ka Malawi kanali kakekake, kusunga mpira, mapasi afupiafupi, kuchedwetsa mpaka adani atope mutu, ndipo dzina la kochi Griffin Saenda silingachoke pamenepo. Nambala 5 pa dziko lonse lapansi abale, Flames sinafikeko olo mu ma 40 momwe pa mndandanda wa FIFA.

Kenako kunabwera Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba, amene iye mwini amanena kuti anayamba kusewera opanda nsapato ndi mpira omanga ndi majumbo. Anadutsira ku Escom Sisters, nkupita ku Australia ku timu yaing'ono ya Peninsula Waves, kuchoka apo ku Tactix ya ku New Zealand, kenako mu 2017 nkupita ku Melbourne Vixens. Pa World Cup ya 2015 ku Sydney anasankhidwa osewera opambana onse pa mpikisano onse, osati wa mu Africa ayi, wa onse, pamene Malawi sinafike ndi mu semi momwe. Mu 2016 ma Queens anatenga nambala 3 pa Fast5, netball ya osewera asanu mbali iliyonse, ku Melbourne. Mu 2018 ku Gold Coast anachinya New Zealand 57-53, amene mumatsatira netball mukudziwa kuti zimenezi zili ngati Flames ichinye Brazil pa mpikisano weniweni osati wapaubale. Chaka chomwecho Mwawi anavulala bondo koopsa, anthu ena nkumati basi zake zathera pompa, koma mu 2020 Vixens inatenga ligi ya ku Australia kuchinya West Coast Fever 66-64 ndipo amene anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse mu fainolo imeneyo anali iyeyo. Ligi imeneyo ndi imene aliyense osewera netball amailakalaka. Nde ndikamva munthu akutchula akatswiri asanu a dziko lino Mwawi mulibe ndimangodziwa kuti sanaitsate nkhaniyi. Ndipo zonsezi atsikanawa ankazichita akukonzekera pa simenti ya panja ya pa Blantyre Youth Centre, dzuwa likuswa mtengo, nkhani za ma alawansi ochepa zili m'manyuzi chaka ndi chaka, bwalo la mkati lenileni linadzamangidwa ku Lilongwe cha ku 2022 kuno ndipo analipatsa dzina la Griffin Saenda.

Amene amakakamira kuti ayi ife tikunena mpira wamiyendo basi, chabwino tiyeni tibwerere ku mpira omwewo, ku Rumphi, kwa ana a Chawinga. Tabitha anakula akusewera ndi anyamata, makolo osafuna, ndipo anafotokozapo yekha poyera kuti ali wamng'ono anamuvulapo zovala pa bwalo anthu akukayika ngati ndi mtsikanadi chifukwa choti amasewera kwambiri. Ndikaganiza zimenezo mtima umandipweteka, kamwana kuchititsidwa manyazi pagulu chifukwa cha luso, ndi angati amene zinawachitikira zotere nkungosiyiratu mpira osabwereranso. Iyeyo sanasiye. Anasewera ku DD Sunshine ku Lilongwe, mu 2014 nkupita ku Sweden ku timu ya m'munsi, mu 2017 anagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi yaikulu ya Sweden ali ku Kvarnsveden, timu yoti inatuluka mu ligi chaka chomwecho, tangoganizani. Anapita ku China nkukachitanso zomwezo, ku Inter Milan anagoletsa 23 nkukhala pamwamba mu Italy yense, ku PSG anakhalanso pamwamba mu France, kenako Lyon inamutenga, timu imene yatenga Champions League ya azimayi kambiri kuposa ina iliyonse. Mtawali anakafika ku France inde, koma uyu anakatsogola pa zigoli ku France, kusiyana kwake nkumeneko.

Mng'ono wake Temwa nde kaya tinene chani. Mu 2023 anagoletsa zigoli 63 kuphatikiza za timu yake ya ku Wuhan ndi za dziko, kuposa osewera aliyense pa dziko lapansi chaka chimenecho, amuna ndi akazi omwe, Ronaldo ali pambuyo. Chaka chomwecho ma Scorchers, timu ya dziko ya mpira wamiyendo wa azimayi, anatenga chikho cha COSAFA koyamba kuchinya Zambia 2-1 mu fainolo, chikho choti Flames yafikapo mu fainolo kawiri, 2002 ndi 2003, osachinyamula. Atapita ku America ku Kansas City Current mu 2024, chaka choyamba chomwecho anagoletsa 20 nkuphwanya rekodi ya Sam Kerr ya zigoli 18, nkusankhidwa MVP, osewera opambana onse, wa ligi yonse. Kathamangidwe kake mukakaona pa foni, oteteza amayamba ali kutsogolo ndi mamita angapo koma pofika pa bokosi akumuona nambala ya kumsana.

Kusiyana kwa lero ndi 1978 nkoti pano sitidikiranso kuti wailesi itisankhire choti timve, mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akakhala ndi bandulo amaona yekha chigoli cha Temwa pa Facebook m'mawa mwake. Nchifukwa chake mkangano uja wayamba kusintha, pa gulupu yathu masiku ano munthu akati Kinnah wina amaponya kavidiyo ka Tabitha, wina ka Mwawi akuponya chagada pansi pa ring'i. Malume anga aja ndinawaonetsa zigoli za Temwa tili pa khonde, anaonera kawiri osayankhula, kenako anandifunsa kuti mwanayu kwawo nkuti, nditati ku Rumphi anangoti ndibwezerenso chachiwiri chija achione bwinobwino.