Maneti a udzudzu sabala nsikidzi

M'midzi yambiri ya ku Dedza ndi Ntcheu muli chikhulupiriro chakuti maneti a udzudzu amene amagawidwa m'zipatala ndiwo amabweretsa nsikidzi, moti ena afika powasandutsa mipanda ya m'dimba. Komatu nsikidzi imachokera m'dzira limene nsikidzi ina inaikira, ndipo neti yatsopano yongotuluka m'pepala lake ilibe mazira amenewa.

Chimene chimachitika n'chakuti mankhwala a pa neti, a gulu la pyrethroid, amasautsa nsikidzi zimene zinabisala kale m'ming'alu ya khoma, m'mphasa ndi m'mapindiro a matiresi, koma popeza zambiri zinazolowera mankhwalawa, sizifa ayi, zimangotuluka n'kuyamba kuonekera, zina n'kukabisala m'misoko ya neti yomweyo. Mwini nyumba akaziona amaloza chala neti, chonsecho zinalimo kale.

Nsikidzi zimalowa m'nyumba, yaukhondo ndi yauve yomwe, kudzera m'zikwama za apaulendo, mabulangete obwereka, mabedi ogula kwa ena ndiponso zovala za kaunjika. Zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi, ndipo chisanu cha mu Juni cha ku Dedza kuno sichizipha. Timadontho takuda pa matiresi ndi chizindikiro chodalirika kuposa totupa ta pakhungu.

Kutentha ndiko kumazipha pamodzi ndi mazira ake: chapani zofunda m'madzi otentha madigiri 60, thirani madzi owira m'malumikiziro a bedi, matani ming'alu, ndipo mubwereze pakatha sabata. Mankhwala a m'munda asathiridwe pogona chifukwa ndi oopsa, makamaka kwa ana. Neti ikhalebe pabedi, pakuti udzudzu umafalitsa malungo, matenda amene nsikidzi sizifalitsa.