Tart ya zipatso: ntchito yaikulu ili pa chigoba

Mayi wina amene ndimamuphunzitsa zophikaphika anandionetsa chithunzi pafoni. Inali tart ya zipatso imene anapangira mwana wa achemwali ake pa chinkhoswe ku Area 25. Zipatso anaziyala bwino kwambiri, zikuchita kunyezimira. "Asisi, maonekedwe ndiye anthu anayamikira," anatero, "koma titadula, pansi pake panali ngati buledi wogwera mu tiyi. Ndinalakwitsa pati?" Ndinamufunsa nthawi imene anathira kasitadi m'chigobamo. Anati usiku wake, kuti m'mawa asapanikizike. Vuto linayambira pamenepo.

Tart si keke. Keke mumasakaniza zonse, kuthira m'thini, kuika mu uvuni, basi. Tart imene mumaiona pagalasi la bekare ndi zinthu zitatu zokonzedwa pachokhapachokha: chigoba chouma ngati bisiketi, kasitadi wolimba, ndi zipatso zosaphika. Zitatuzi zimakumana patatsala maola ochepa kuti anthu adye. Ziwiri mwa izo n'zodzaza madzi, chimodzi n'chouma, ndipo luso lonse ndi kutchinga kuti madziwo asafike msanga pa choumacho. Maso a anthu amathamangira zipatso, koma ife ophika timayamba tagogoda chigoba.

Muyezo wa chigoba ndi wosavuta kusunga pamtima: 1, 2, 3. Shuga wa icing magalamu 100, bata magalamu 200, fulawa magalamu 300, kenaka dzira limodzi ndi kamchere kotsina ndi zala. Zimenezi zimakwana mathini awiri a masentimita 22. Fulawa akhale wamba kapena wa keke, osati wa buledi, osatinso wofufumitsa yekha uja. Ndipo chonde gulani kasikelo. Makapu a m'nyumba mwathu ndi osiyanasiyana, ndipo mtanda uwu sufuna zoyerekeza.

Apa ndi pamene manja a ife Amalawi amatipusitsa. Tinazolowera mandasi, masikono ndi chapati, choncho tikangogwira fulawa manja amafuna kukanda. Mu fulawa muli mapuloteni amene akakumana ndi madzi n'kukandidwa amalukana n'kupanga gluten, chinthu chotamuka ngati mphira. Buledi amafuna gluten. Chigoba cha tart sichimufuna, chifukwa ndi amene amachilimbitsa ngati chikopa n'kuchichititsa kufota mu uvuni. N'chifukwa chake timayamba ndi kufikisa bata wozizira mu fulawa ndi shuga, ndi nsonga za zala zokha, mpaka zioneke ngati nsinjiro. Mafutawo amakuta fulawa kuti madzi asamulowe kwambiri. Zikatero thirani dzira, sonkhanitsani ndi manja mpaka zigwirane, n'kusiya pomwepo. Ngakhale mtandawo ukuoneka wosasalala, usiyeni.

Mdani wachiwiri ndi kutentha. Bata amasungunuka akafika pa madigiri 32 mpaka 35, ndipo muno mu Lilongwe masana a Okutobala ndi Novembala amapitirira 30, osawerengera moto wa m'khitchini. Bata akasungunuka muli mkati mokonza, mtanda umamata pa tebulo, inu mumawaza fulawa wina, kenaka winanso, mapeto ake chigoba chouma gwa chopanda kukoma. Nyengo yotentha ine ndimakonza mtanda dzuwa lisanatuluke. Mu Juni ndi Julayi ndiye ntchitoyi imayenda yokha. Nthawi iliyonse, mtandawo uphwatalatseni, ukulungeni m'pulasitiki, ugone mufiliji ola lathunthu. Poutambasula uikeni pakati pa mapepala awiri apulasitiki kuti musafune fulawa wowaza. Ngati mulibe chotambasulira, botolo lagalasi lodzaza madzi ozizira limagwira ntchito bwino kuposa chamtengo. Kuchindikala kwake kukhale mamilimita 3 kapena 4. Ukang'ambika poika m'thini musadandaule, ingomatani ndi chala. Baibani pansi ndi foloko, n'kubwezanso mufiliji theka la ola. Kupumitsa kwachiwiriku ambiri amakudumpha, ndiye amadabwa kuona m'mbali mwa chigoba mutagwera pansi.

Bata ndi wodula, ndikudziwa. Majarini wolimba wophikira makeke uja amatha kulowa m'malo mwake, kungoti fungo lake silifikapo. Wofewa wopaka pa buledi ndiye ayi, mtanda wake suuma ngakhale muugoneke mufiliji.

Chigoba timachiphika chopanda kanthu. Yalani pepala lophikira mkati mwake, dzazani nyemba zouma mpaka m'milomo kuti pansi pasatukumuke ndipo m'mbali musagwe, n'kuika mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 15 mpaka 20. Chotsani nyemba ndi pepala, chibwerere kwa mphindi 10 zina. Nyembazo muzisunge m'botolo lake, zidzagwira ntchito yomweyi kambirimbiri, koma zandiwo ndiye zatha. Chimene ndimaona kawirikawiri n'chakuti anthu amaphula chigoba chidakali chotuwa poopa kuti chipserera. Chotuwa chimakhala chisanapse mkati, chimanunkha fulawa, ndipo chimamwa madzi msanga. Dikirani chifiirire ngati bisiketi, mpaka pakati penipeni.

Kenaka pali kachinthu kamene mabekare amachita koma sikaoneka pagalasi. Chigoba chidakali chotentha, pakani choyera cha dzira mkati monse ndi burashi, chibwerere mu uvuni mphindi 2 kapena 3. Dziralo limauma n'kukhala ngati vanishi. Ena amadikira chizizire n'kupakamo chokoleti choyera chosungunula, mopyapyala. Njira zonsezi zimachedwetsa madzi a kasitadi kwa maola angapo. Sizimawaletsa mpaka mawa.

Magetsi akazima mtanda uli kale m'thini, mbaula ilipo. Thirani mchenga pansi pa poto wamkulu, utenthe kaye, khazikani thini pamwamba pake, vindikirani ndi lata n'kuikapo makala, ambiri pamwamba, ochepa pansi, monga timachitira ndi chigumu. Tizigoba ting'onoting'ono timapsa bwino m'njira imeneyi kuposa chachikulu, ndipo muzitembenuza poto kuti mbali imodzi isapserere.

Kasitadi wa tart, amene Afalansa amamutchula crème pâtissière, ndi wolimba moti mukadula samayenderera. Pa thini limodzi mpaka awiri mufunika mkaka theka la lita, zachikasu za mazira 4, shuga magalamu 100, cornflour magalamu 40, bata magalamu 30 ndi vanila. Cornflour si ufa woyera wa nsima, ngakhale zonse zimachokera ku chimanga. Iye ndi sitachi yekhayekha, wosalala ngati paudala, pamene ufa woyera umasiya timisere pa lilime. Mukamusowa, tengani ufa wa kasitadi wa m'chitini pa muyezo womwewo, chifukwa nawo ndi cornflour wothira mtundu ndi fungo. Anauyambitsa Alfred Bird ku Birmingham mu 1837, pofuna kuthandiza mkazi wake amene mazira sankamuyanja. Koma inu mazirawo musawachotse, ndi amene amapereka kukoma.

Amene amadziwa kuphika phala lopanda mibulu sangavutike apa. Pukusani zachikasu, shuga ndi cornflour m'mbale mpaka zisalale. Tenthetsani mkaka, muthire pang'onopang'ono m'mbalemo uku mukupukusa, kuti mazira asadzidzimuke n'kuundana. Bwezani zonse mu poto wochindikala pansi, moto wapakatikati, dzanja lisaime, makamaka m'makona mwa poto momwe mumayambira kupserera.

Akayamba kulimba musaphule. Ambiri amaopa kuti mazira akawira aphwanyika, koma sitachi amawateteza. Mu chikasu cha dzira muli enzyme yotchedwa amylase imene imadya sitachi, ndipo ngati simuipha ndi moto, kasitadi amene munamugoneka wolimba mudzamupeza m'mawa ali madzimadzi. Dikirani kasitadiyo abwate ngati phala, kenaka pitirizani kupukusa. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, kumene madzi amawira asanafike pa madigiri 100, choncho ine ndimawerenga mphindi 2 zathunthu. Phulani, thirani bata ndi vanila, sefani, tsanulirani m'mbale yophwatalala kuti azizire msanga, ndipo pulasitiki ikhudze pamwamba penipeni kuti pasachite khungu. Mufiliji amakhala masiku awiri kapena atatu. Ngati magetsi anazima usiku wonse nyengo yotentha, mutayeni. N'zowawa, koma mkaka ndi mazira sizichedwa kudwalitsa anthu.

Tsopano zipatso, ndipo apa ndili ndi dandaulo. Zithunzi za pa intaneti zatizoloweza kuti tart yeniyeni ndi ya kiwi ndi mphesa, choncho anthu amawononga ndalama zambiri pa zipatso zoyenda ulendo wautali kuchokera ku South Africa, pamene pa msika wa Lizulu kapena ku Wakawaka pali zabwino koposa. Ine ndimatsata nyengo. Miyezi yozizira kuli manachesi a ku Mwanza: sendani, chotsani kakhungu ka gawo lililonse ndi mpeni wakuthwa, muone mmene amawalira. Kukayamba kutentha mabulosi amapsa m'mipanda mwathu momwemu, aulere, kungoti amathimbiriritsa kasitadi, choncho aziikidwa pomalizira. Sitiroberi za ku Zomba mukazipeza, tsukani zili ndi kachitsa kake, mukachotsa kaye zimamwa madzi. Chakumapeto kwa chaka kumabwera mapichesi a ku Dedza ndi Ntcheu, kenaka mango. Kalisere ndi wotsekemera zedi koma ulusi wake sulola kudula bwino, ameneyo mupangire jamu. Wa tart ndi mango a Kent kapena Keitt, opanda ulusi, odulidwa mopyapyala n'kuyalidwa mozungulira ngati duwa. Tart ya mango okhaokha, pakati pake mutadontheza magalagadeya, ndi imene makasitomala anga amabwerera kudzaitanitsanso.

Zipatso zina zimafuna kusamala. Nanazi wa ku Mulanje wosaphika ali ndi bromelain, papaya ali ndi papain, ndipo zonsezi zimaphwanya mapuloteni a mkaka. Zikakhalitsa pa kasitadi amasungunuka n'kuyamba kuwawira. Nanazi muwiritseni kaye mphindi 5 m'madzi a shuga, azizire, adonthe. Papaya ine ndimangomusiya, mavwende nawo chimodzimodzi chifukwa ndi madzi okhaokha. Nthochi ndi maapozi zimada zikadulidwa, zipakeni madzi a ndimu. Chipatso chilichonse mukadula, chigonekeni kaye pa kansalu koyera kwa mphindi 10 kuti madzi apamwamba aphwe.

Kunyezimira kuja si mankhwala. Ndi jamu wa apricot, masupuni atatu ndi supuni imodzi ya madzi, wotenthetsa, wosefa, wopaka ndi burashi akadali wofunda. Amatchinga mpweya kuti zipatso zisafote. Jamu wa mango wosefa bwino amachitanso chimodzimodzi. Musapake wambiri mpaka kuchita chithaphwi.

Mayi uja ali ndi oda ina mwezi wamawa, ndipo tagwirizana chochita. Zigoba adzaphika Lachinayi n'kuzitsekera m'chitini chosalowa mpweya, ndipo ngati kudzakhale chinyezi adzaziwambako mu uvuni mphindi 5 Loweruka m'mawa. Kasitadi adzaphika Lachisanu madzulo. Popita kumwambo sadzanyamula tart yomalizika mu minibasi kapena pa kabaza: zigoba m'chitini, kasitadi mu cooler box, zipatso zosadula, mpeni ndi burashi m'chikwama. Akafika adzapempha katebulo kamthunzi, adzapukusa kasitadi kuti afewe, n'kuyamba kuthira ndi kuyala patatsala ola limodzi kapena awiri kuti anthu adye. Ntchito imeneyi sipitirira mphindi 20 pa tart imodzi. Ndamuuza kuti podula adzagwiritse mpeni wamanomano, adzayambe wacheka m'mbali pang'onopang'ono, ndipo adzatchere khutu. Chigoba chopsa bwino chimalira kuti khwa mpeni ukafika pansi.