Jazi Inakulira pa Msewu wa ku Manda

Ku New Orleans, mzinda wa doko pa mtsinje wa Mississippi, munthu wakuda wosauka ankasonkha kangachepe ku kabungwe kothandizana pa matenda ndi maliro. Tsiku lake likafika, kabungweko kankagula bokosi n'kulemba ganyu bandi ya malipenga. Popita kumanda oimba ankayenda mwachifatse ndi nyimbo za m'tchalitchi, ng'oma yaing'ono ataifooketsa kuti isalire kwambiri. Thupi likangoikidwa, ng'oma ija ankaimasula. Pobwerera nyimbo zinkathamanga, ndipo anthu a m'misewu, ngakhale osamudziwa malemuyo, ankalowerera kumbuyo akuvina ndi maambulera ndi mipango m'manja. Ambiri mwa oimba jazi oyambirira anayamba ali ana otsatira chikhamu chimenechi.

Mizu ya jazi ndi yakale kuposa apa. Mzindawu unali m'manja mwa Afalansa, kenako dziko la Spain, n'kubwereranso kwa Afalansa, mpaka Amerika ataugula mu 1803. Lamlungu akapolo ankasonkhana kuti agulitse malonda, aimbe ng'oma ndi kuvina, ndipo mu 1817 akuluakulu a mzinda analamula kuti zimenezi zizichitikira pabwalo limodzi, lotchedwa Congo Square. M'madera ambiri a Amerika ng'oma za akapolo zinali zoletsedwa, koma pano zinamvekabe. Zombo zochokera ku Cuba zinabweretsa kamvekedwe ka habanera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera ragtime ya papiyano, yodumphadumpha, komanso blues, nyimbo ya kumidzi ya kum'mwera imene mawu ake amapindika ngati munthu akudandaula.

Chimene chinaphatikiza zonsezi, n'zomvetsa chisoni, chinali tsankho. Mumzindamo munali Akiliyo, anthu a magazi osakanikirana, olankhula Chifalansa, ophunzira kuwerenga nyimbo papepala. Iwowa ankadziona osiyana ndi ana a akapolo a kumtunda kwa mzinda, amene ankaimba pongomvera ndi khutu. Malamulo a tsankho a m'ma 1890 anawaika onse m'dengu limodzi. Homer Plessy, amene anagonja pa mlandu wa tsankho la m'sitima ku khoti lalikulu mu 1896, anali Mkiliyo wa mumzinda womwewu. Ganyu zitayamba kuchepa, wodziwa pepala ndi wodziwa blues anapezeka m'bandi imodzi.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi mmene ankagawanirana ntchito. Koneti, lipenga lalifupi, inkanyamula nyimbo. Kilaneti, chida chonga chitoliro, inkazungulira pamwamba pake ngati mbalame, ikudzaza mipata. Thiromboni, lipenga lalitali, inkayankha pansi, ikutsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina. Atatuwa ankaimba nthawi imodzi, aliyense akupeka mzere wake pomwepo, koma osapondana. Kumbuyo kunali banjo, besi kapena tuba, ndi ng'oma zosunga mayendedwe. Nthawi zina onse ankangoti zii mwadzidzidzi, m'modzi n'kuponya kamzere kake yekha, kenako onse n'kugweramonso. Zimenezi sizitheka ngati munthu samvera mnzake. Ena ankatseka kukamwa kwa lipenga ndi chipewa kapena kapu kuti lilire ngati mwana kapena liseke ngati munthu.

Amene okalamba ankamutchula kuti ndiye woyamba anali Buddy Bolden, wobadwa mu 1877, wotchuka ndi koneti yofuula. Mu 1907 anamutengera kuchipatala cha odwala misala ku Jackson, ndipo anafera komweko mu 1931. Palibe chimbale chake chimene chinapezeka. Timamumva kudzera m'zokumbukira za anzake basi.

Chimbale choyamba cha jazi chinajambulidwa ku New York mu Febuluwale 1917 ndi azungu asanu a Original Dixieland Jass Band, ndipo chinagulidwa kwambiri. Bandi ya anthu akuda a ku New Orleans inadikira mpaka ya Kid Ory itajambula ku Los Angeles, cha m'ma 1922. Apa n'kuti oimba ambiri atasamukira kale ku Chicago, kutsatira anthu awo amene ankathawa tsankho ndi kufuna ntchito.

Mu Epulo 1923 King Oliver, woimba koneti wochokera ku New Orleans, anatenga gulu lake kupita ku situdiyo ya Gennett ku Richmond, m'boma la Indiana, pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa ankayamba aima. Kunalibe maikolofoni. Ankaimbira m'chilipenga chachikulu chotolera mawu, singano n'kumalemba pa phula, ndipo ng'oma yaikulu inkadumphitsa singanoyo, choncho woimba ng'oma, Baby Dodds, ankangogogoda timatabwa. Woimba koneti yachiwiri anali mnyamata wa zaka 21, Louis Armstrong, amene anaphunzira lipenga kunyumba yosungirako ana olakwa. Lil Hardin, yemwe anali papiyano, ankasimba kuti anachita kumuimika kutali pakona kuti asaphimbe liwu la Oliver.