Mankhwala a khansa ali ndi chitsulo, inde, ndiye bwanji?

Ndatopa nazo zomva anthu akuti chemo ndi poizoni chifukwa muli chitsulo. Magazi anuwo ndi ofiira chifukwa cha ayironi, pakati pa vitamini B12 pamakhala cobalt, mwafa nazo?

Ife a inorganic chemistry m'mayunivesite timakhalira zomwezi, kufufuza kuti chitsulo chikazunguliridwa ndi tinthu takuti, titakhala mwakuti, chimachita zotani. Anzanga ena ali pa mabatire a lithium, ena pa ma catalyst (tinthu tofulumizitsa ntchito ya makemikolo) opangira feteleza, koma ine mtima uli pa cisplatin, mankhwala a khansa okhala ndi chitsulo cha platinum.

Barnett Rosenberg wa ku Michigan State University ankayesa magetsi pa mabakiteriya a E. coli, n'kuona kuti asiya kugawikana, akungotalika ngati ulusi. Sanali magetsi ayi, inali platinum yomwe inkasungunuka pa ma electrode, tizitsulo tolowetsera magetsiwo. Analemba zimenezi mu 1965, pofika 1978 cisplatin anavomerezedwa ku America, ndipo khansa ya machende yomwe inkatenga anyamata ambiri lero ochuluka amachira. Tsono tamvani apa. Pali transplatin, maatomu ake omwewo ndendende ngati a cisplatin, kungoti maatomu awiri a chlorine omwe ali pa platinum akhala moyang'anizana m'malo mokhala mbali imodzi, basi, khansa sayigwira bwino. Cisplatin amakola ma guanine (tizigawo ta DNA) awiri oyandikana pa DNA n'kuipinda moti selo limalephera kuchulukana.

Chimene chimandiwawabe ndi bambo wina amene anasiya chemo pakati atanyengedwa ndi ogulitsa za "detox", akuti achotse zitsulo m'thupi, ndiye chomwe anamupatsa m'malo mwake mukudziwa? Madzi a siliva, colloidal silver ija. Siliva si chitsulo kodi? Sachiza khansa, ndipo ukamwa nthawi yayitali amakhazikika pakhungu, limasanduka lotuwa mwabuluu mpaka kalekale, matenda ake amati argyria. Mmene ankabwerera kuchipatala chotupa chinali chitafalikira.

Sindikuti cisplatin ndi wofatsa. Amasanzitsa, amavutitsa impso, ena makutu amayamba kulira, n'chifukwa chake amakuikani drip yambiri ndi kuyeza magazi musanalandire, komanso ofufuza anapanga carboplatin amene impso saziwononga kwambiri. Zikakulemerani auzeni adokotala, atha kusintha mlingo kapena mankhwalawo, osangosowa pa tsiku la chemo chifukwa winawake pa WhatsApp wakulonjezani botolo.