Paul George atachoka, Oklahoma City Thunder inadziwa chomwe inkagula

Sizoni ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, ikatha mu Juni, mabwalo amakhala zii, koma ochemerera ndiye amayamba kukokanakokana. Ena amafuna timu yawo itenge katswiri wa dzina chaka chomwecho, zivute zitani. Ena amati osewera akalamba, bwenzi atagulitsidwa onse n'kuyambiranso ndi anyamata. Pantchito yanga yophunzitsa ndi kusanthula basketball, funso lomwe ndimalandira kwambiri nyengo imeneyi ndi lakuti pa matimu awiri amene asinthana osewera, yadyerera inzake ndi iti. Ndimayankha kuti tiyambe taona pomwe timuyo yafika komanso chomwe chikuisowa, chifukwa wosewera yemweyo akhoza kukhala mankhwala ku timu ina n'kukhala katundu wolemera ku inzake. Nkhani ya Oklahoma City Thunder imaonetsa bwino zimenezi.

Amene tinazolowera mpira wamiyendo tiyenera kuiwala kaye zomwe tikudziwa. Mu NBA timu siipereka ndalama zankhaninkhani kwa inzake kuti igule wosewera. Matimu amasinthana makontrakiti, ndipo popeza ligi inaika malire a malipiro, timu yomwe yadutsa kale malirewo imayenera kutulutsa malipiro ofananako ndi omwe ikulowetsa. Chinanso, pa matimu 30 palibe yomwe imatuluka mu ligi ngakhale itagonja bwanji. M'malo mwake, matimu ochita moipa ndi amene amapatsidwa mwayi waukulu wosankha moyambirira pa draft, pomwe achinyamata ochokera ku makoleji ndi kumaiko ena amagawidwa chaka chilichonse. Mipata yosankhayi imagulitsidwanso ngati katundu, ngakhale ya zaka zakutsogolo ndithu. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse yomanganso timu.

Mu Julaye 2019, Paul George, katswiri wa Thunder yemwe anali atangokhala wachitatu pa mavoti a MVP (mphoto ya wosewera woposa onse), anapempha kupita ku Los Angeles Clippers kukasewera ndi katswiri mnzake Kawhi Leonard. Clippers inalibe pothawira, chifukwa kubwera kwa Leonard kunadalira George. Sam Presti, mkulu woyendetsa Thunder kuyambira 2007 timuyi idakali ku Seattle, anaona kuti ogulawo apanikizika ndipo anakweza mtengo mpaka kumwamba: Danilo Gallinari, mipata isanu yosankha mu gawo loyamba la draft, ufulu wosinthana mipata ina iwiri, ndi mnyamata wa ku Canada, Shai Gilgeous-Alexander, yemwe m'sizoni yake yoyamba ankagoletsa mapointi osakwana 11 pa masewero. Pasanathe sabata ziwiri, Russell Westbrook, yemwe mzinda wonse unkamukonda ngati mwana wapakhomo, nayenso anapita ku Houston posinthana ndi Chris Paul ndi mipata ina. Ochemerera ambiri zinawapweteka, ndipo sindiwaimba mlandu. Anali atataya kale James Harden mu 2012 ndi Kevin Durant mu 2016.

Walira mvula walira matope. Amene amafuula kuti timu igwetsedwe n'kumangidwanso amaiwala kuti adzafunika kuonera zotsatira zake usiku ndi usiku. Thunder inapambana masewero 22 okha mu 2020-21 ndi 24 mu sizoni yotsatira. Pa 2 Disembala 2021 inakwapulidwa ndi Memphis Grizzlies 152 kwa 79, kusiyana kwa mapointi 73 komwe sikunachitikepo m'mbiri ya NBA. Anthu ankaseka kuti Presti akungounjika mipata ya draft ngati kuti mapepalawo adzavala jezi n'kulowa m'bwalo.

Oseka aja anali ndi mfundo. Mpata wosankha pawokha sugoletsa, ndipo kugonja dala sikutsimikizira kanthu. Kuyambira 2019, matimu atatu ochita moipa kwambiri amakhala ndi mwayi wa 14 pa 100 basi wopeza mpata woyamba, moti mu 2025 Dallas, yomwe mwayi wake unali wosakwana 2 pa 100, ndi yomwe inatola Cooper Flagg. Philadelphia 76ers inagonja mwadala kwa zaka zingapo, mpaka kupambana masewero 10 okha mwa 82 mu 2015-16, koma chikho sichinabwere. Chomwe chinasiyanitsa Thunder ndi diso losankha. Mu 2022 inatenga Chet Holmgren pa nambala 2, ndipo pa nambala 12, mpata wochokera ku Clippers kuja, inatenga Jalen Williams wa ku koleji ya Santa Clara, yemwe ambiri sankamuwerengera pamwamba chotero. Luguentz Dort, amene lero amapatsidwa ntchito yotseka wogoletsa wamkulu wa timu iliyonse, palibe timu yomwe inamusankha pa draft ya 2019. Holmgren anavulala phazi n'kuphonya sizoni yake yonse yoyamba, koma akuluakulu sanatekeseke n'kuyamba kugula mwaphuma.

Komabe ine ndimaona kuti phunziro lenileni lili mu 2024, osati 2019. Timuyi inali itakwera kuchoka pa kupambana masewero 40 kufika 57, n'kukhala pamwamba kuchigawo cha kumadzulo, koma Dallas inaitulutsa 4-2 mu ndime yachiwiri ya ma playoff, masewero ochotsana a kumapeto kwa sizoni omwe matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana kanayi. Amene anaonera modekha anaona zilonda ziwiri. Choyamba, mpira ukagunda mphete n'kubwerera, anyamata ataliatali a Dallas, Daniel Gafford ndi Dereck Lively, ankautola pamwamba pa osewera a Thunder oonda thupi, n'kupatsa timu yawo mwayi woponyanso. Chachiwiri chinali Josh Giddey. Ndi wosewera waluso popatsira, koma kuponya patali sikunali kwake, choncho Dallas inkangomusiya yekha pakona, womutchinga uja n'kupita kukathithikana pakati pomwe Gilgeous-Alexander amadutsa. Thunder inkakhala ngati ikuukira ndi anthu anayi. Mphunzitsi Mark Daigneault anafika pomuchotsa pa osewera oyamba m'masewero awiri omaliza.

Nthawi imeneyo Thunder inali ndi mipata ya draft yokwana kugulira pafupifupi katswiri aliyense amene akanakhala pamsika, ndipo ochemerera ambiri ankafuna zomwezo. Presti sanatero. Mu Juni anapereka Giddey, wa zaka 21, ku Chicago Bulls n'kutenga Alex Caruso wa zaka 30, popanda kuwonjezerapo mpata uliwonse. Kenako anasainitsa Isaiah Hartenstein kuchokera ku New York Knicks pa kontrakiti ya zaka zitatu ya madola 87 miliyoni. Ena anati ndalamazo zachuluka kwa munthu wosagoletsa kwambiri, ndipo ena anadandaula kuti mwana wa tsogolo waperekedwa posinthana ndi munthu woyambira panja. Koma aliyense mwa awiriwa anabwera kudzatseka chilonda chodziwika. Hartenstein anabweretsa thupi pansi pa mphete, ndipo Holmgren atathyoka fupa la m'chiuno mu Novembala, timu siinagwedezeke. Caruso anabweretsa kutchinga kolusa, ndipo sungamusiye yekha pakona.

Amene akukayika aonerenso masewero achisanu ndi chiwiri a Thunder ndi Denver mu Meyi 2025. Daigneault anatuma Caruso, wamtali mamita 1.96, kukatchinga katswiri wa Denver, Nikola Jokić, wa mamita 2.11. Caruso sanayese kulimbana naye kumbuyo. Ankaima kutsogolo kwake, chifuwa pamimba, manja m'mwamba, kuti mpira usamufike n'komwe, ndipo ukamufika anzake ankathamangira kudzathandiza. Denver inasokonekera, Thunder n'kupambana 125 kwa 93. Sizoni yomwe anapambana masewero 68 inathera pa 22 Juni, atagonjetsa Indiana Pacers 4-3 mu fainolo, ndipo mnyamata wa mapointi osakwana 11 uja anali MVP wa ligi ndi wa fainolo, atagoletsa mapointi 32.7 pa masewero mu sizoni ya ligi. Tisabise kuti mwayi unathandizako: Tyrese Haliburton, katswiri wa Indiana, anaduka mtsempha wa chidendene kuchiyambi kwa masewero omalizawo.

Sindikunena kuti kugula katswiri ndi kulakwa nthawi zonse. Clippers inafika fainolo ya kumadzulo koyamba m'mbiri yake mu 2021, ngakhale George anadzachoka mu 2024 kupita ku Philadelphia popanda timuyo kupezapo kanthu. Choopsa ndi kugula timu isanakhwime kapena itapitirira kale. Brooklyn inapereka mipata yake ku Boston mu 2013 chifukwa cha Kevin Garnett ndi Paul Pierce okalamba, ndipo mipata imeneyo ndi yomwe inabala Jaylen Brown ndi Jayson Tatum, omwe anadzakhala akatswiri a Boston. Phoenix inasonkhanitsa Durant, Devin Booker ndi Bradley Beal, n'kulephera ngakhale kulowa ma playoff mu 2025.

Chikho chitabwera mu 2025, mkangano wa ochemerera Thunder unasamukira ku ndalama. Mu Julaye 2025 Gilgeous-Alexander anawonjezera kontrakiti ya zaka zinayi ya madola pafupifupi 285 miliyoni, ndipo Holmgren ndi Williams anasainanso makontrakiti akuluakulu a zaka zisanu. Malamulo a ligi a 2023 amalanga kwambiri timu yodutsa malire achiwiri a malipiro, omwe amatchedwa second apron: siingaphatikize malipiro a osewera angapo posinthanitsa, ndipo njira zosainira ena zimatsekeka. Atatuwa akayamba kulandira zonsezi, ena mwa othandiza monga Dort, Hartenstein ndi Caruso adzavuta kusunga onse. Mipata ya draft yomwe anthu ankaseka ija ndi yomwe Presti adzadalire kupezera achinyamata otsika mtengo olowa m'malo mwawo, ndipo adzafunika kusankhanso bwino ngati mu 2022.