Opanga mapulogalamu akasiya kudandaula, abwana dziwani kuti zavuta

Kampani yopanga mapulogalamu a pakompyuta ikayamba kutsika, eni ake amabwera ndi funso lomwelomwelo: "Anyamatawa afooka, tiwatani kuti mtima ubwerere?" Asanamve n'komwe yankho, amakhala atalipira kale munthu woti akawalankhule mawu olimbikitsa masiku awiri kunyanja, ndi matisheti pamwamba. Ndalama zotaya zimenezo. Lolemba anthu aja amakapeza bwana yemwe uja, tsiku lomalizira ntchito losatheka lomwe lija, ndi malipiro ochedwa omwe aja.

Nkhani ya Nokia imandiwawabe. Tonse tinagwirapo foni yawo, ndipo akatswiri anali nawo ochuluka. Pamene iPhone inkatuluka mu 2007, Nokia ndiyo inkagulitsa mafoni ambiri padziko lonse. Chinawapweteka chinali Symbian, pulogalamu yoyendetsera mafoni awo, yomwe inali itakalamba moti kusintha kanthu kakang'ono kunkadya nthawi yaitali. Ofufuza awiri, Timo Vuori ndi Quy Huy, anacheza ndi mabwana ndi mainjiniya a kampaniyi, ndipo zimene anasindikiza mu 2016 n'zomvetsa chisoni. Akuluakulu apamwamba ankaopa opikisana nawo ndi eni masheya, ndiye ankapanikiza owatsatira. Mamanijala apakati ankaopa akuluakuluwo, ndiye ankapereka malipoti okoma okhaokha. Amene ankadziwa kuti Symbian sifika patali anali momwemo m'kampanimo, koma uthenga ukamakwera unkasanduka "zikuyenda". Apamwamba ena sankaidziwa bwino ntchito ya mapulogalamu, choncho analibe poyesera ngati akuuzidwa zoona. Mu February 2011 Stephen Elop, mkulu wa Nokia panthawiyo, analengeza kuti atenga Windows Phone, pulogalamu ya Microsoft yoyendetsera mafoni, ndipo mu 2013 anagwirizana zogulitsa gawo la mafoni ku Microsoft. Zaka zonsezo anthu ankalowa m'misonkhano n'kumagwedeza mutu.

Ndiye musawerenge nkhope zosekerera. Dzifunseni kuti munthu womaliza kukuuzani kuti ntchito ichedwa anali ndani, ndipo chinamuchitikira n'chiyani. Ngati munamukalipira pagulu, ena onse anaphunzirapo, ndipo simudzamvanso zoona mpaka kasitomala atakuimbirani yekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'makampani ambiri ndiye amayamba kuchotsedwa.

Tsiku lomalizira ntchito azilitchula amene adzaigwire. Wamalonda akalonjeza kasitomala masabata 6 pa ntchito ya miyezi 4, opanga pulogalamu amadumpha kuyesa, amamata zigamba, ndipo chigamba chilichonse chimachedwetsa ntchito ya mawa. Nthawi ikachepa, chotsaniko zina mwa zimene pulogalamuyo imayenera kuchita, mumuuze kasitomala lero lomwe.

Kulemba anthu ena kuti athandize kuthamangitsa ntchito yochedwa kale nakonso ndi msampha, ndipo katswiri wa mapulogalamu Fred Brooks anachenjeza za zimenezi kale mu 1975. Watsopano amatenga masabata ambiri asanazolowere code ya kampani (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu), ndipo womuphunzitsa ndi yemwe uja mumamudalira kwambiri. Werengerani nokha: anthu 6 ali ndi njira 15 zolankhulirana awiriawiri, anthu 12 ali ndi njira 66.

Seva (kompyuta imene pulogalamu yanu imayenderapo kuti makasitomala aigwiritse ntchito) ikagwa usiku, m'mawa mwake musafunse kuti walakwitsa ndani. Lembani zimene zinachitika ola ndi ola, mupeze chifukwa chake dzanja la munthu mmodzi linatha kugwetsa zonse popanda chotchinga. Mukayamba kusaka wolakwa, cholakwika chotsatira adzachibisa. N'chimodzimodzi kusanja antchito pamndandanda kuti wina azikhala kumchira chaka chilichonse. Microsoft inachita zimenezi zaka zambiri, anthu aluso n'kumapewa kukhala gulu limodzi, mpaka inazisiya mu 2013.

Mtsogoleri wa gulu azikhala pansi ndi munthu aliyense payekha mphindi 30 sabata iliyonse kapena iwiri iliyonse, foni itazimitsidwa, ndipo pa zimene wamva akonzeko chimodzi chooneka mwezi usanathe. Kufunsa madandaulo osachitapo kanthu kumapweteka kuposa kusafunsa. Chenjerani ndi alangizi obwera ndi mafomu a mafunso ambirimbiri, otenga cheke n'kusiya lipoti lokongola. Ngati sanapemphe kuona mmene ntchito imachokera kwa kasitomala kufika pa seva, musawapatse khobidi.

Za ndalama nenani poyera. Ngati m'thumba mwatsala za miyezi itatu, antchito akudziwa kale, amva kwa owerengera ndalama. Ngati kuchotsa anthu sikungapeweke, chitani kamodzi, mulipire zonse zimene lamulo likunena, m'malo modula awiri mwezi uno, atatu mwezi wamawa. Mukamazengereza, oyamba kuchoka ndi aluso, chifukwa masiku ano atha kugwirira kampani yakunja ali pakhomo pawo. Sabata ino fufuzani kuti ndi mbali ziti za pulogalamu yanu zimene akuzidziwa munthu mmodzi yekha, ndi mapasiwedi ati amene ali m'mutu mwake mokha, mumupatse mnzake woti aziphunzira naye kalata yosiya ntchito isanafike patebulo panu.